Kanyumba ka Ba Mchenga

Apongozi anga, a Sakala, anaikidwa m'manda mvula yoyamba itangogwa, koma ine kumandako sindinapite. Anthu atakwera malole, ndinatenga mpando wawo wachitsulo n'kukakhala pakhomo pa kanyumba ka kuseri kwa nyumba yawo, kiyi ali m'thumba la jekete. Ndinakhala pomwepo mpaka oika maliro anabwerako. Ena mpaka lero amandipatsa moni wa m'mphuno. Sindiwaimba mlandu, pakuti inenso ndinawaganizira zoipa a Sakala tsiku limene iwo anachita zomwezo.

M'kanyumbamo munali silinda yachitsulo yofika m'bondo, yooneka ngati ya gasi wophikira koma yolemera kuposa pamenepo. M'kati mwake munali mankhwala amadzimadzi amene iwo ankawatchula kuti alikili. Mankhwala amenewa akangokhudzana ndi mpweya amayaka okha, popanda machesi. Akakhudzana ndi madzi amaphulika. Ndipo khoma la kanyumbako linayang'anizana ndi zenera la chipinda chimene mwana wanga Thoko ankagona poyamba.

Mu Kafue muno anthu ankawatchula kuti Ba Mchenga. Ndowa za mchenga zinali pakhonde, pafupi ndi khichini, m'mbali mwa mpanda. Mchengawo ankakautenga kumtsinje m'chilimwe, n'kuuyanika pa malata, kenaka n'kuukazinga pa mbaula m'chiwaya chakale monga amakazingira nshawa, kufikira chinyezi chonse chitatha. Ana a m'komboni ankabwera kudzaonerera munthu wamkulu akuphika mchenga. Iwo sankawathamangitsa, koma mwana aliyense wofika ndi botolo la madzi ankamubweza pageti.

Ankavala za thonje zokhazokha. Munthu amene anadyera pulasitiki moyo wake wonse sankalola nayiloni pathupi pake, ati imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Pa salaula, pamene amagulitsa zovala za kaunjika, ankasolola ulusi umodzi pa shati, n'kuyatsa machesi patali, n'kununkhiza utsi wake, wogulitsa akulalata. Pamsika ankapinda mabeseni ndi manja onse awiri, n'kuuza mwini wake kuti ili lipirira dzuwa, ili lisweka mvula isanathe. Amayi ena ogulitsa ziwiya ankabisa katundu akawaona akubwera. Asodzi a ku Chanyanya okha ndiwo ankawakonda, chifukwa ankawasankhira zigubu zosang'ambika zomangirira pa maukonde.

Tsiku loyamba limene Enelesi, mwana wawo mmodzi yekhayo, ananditengera kwawo kuti andionetse, iwo anamva kuti ndimaphunzitsa sayansi ku Shimabala. Ananyamuka n'kutsitsa kabotolo pa kabati, pakati pa makapu a alendo. M'katimo munali ufa woyera.

"Aphunzitsi, ichi n'chiyani? Ambiri amati ndi mchere. Alongo anga anatsala pang'ono kuphikira nshima."

Ndinapendeketsa kabotoloko, n'kuona momwe ufawo unkamatirira ku galasi. Ndinati mwina ndi polietilini asanamusungunule. Anaseka, n'kumenya tebulo, n'kuitana Enelesi kuti awonjezere tiyi. Kuyambira pamenepo mpaka dzuwa kupendeka sanandisiye. Enelesi ankasuzumira pakhomo n'kumandilozera wotchi, koma ine ndinalibe potulukira.

Madzulo amenewo ndi pamene ndinamva mbiri ya ntchito yawo. Makolo awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji. Iwo anayambira pa fakitale ya feteleza, kenaka anapita kumwera, kunja kwa dziko, kumene anakhala zaka zambiri pa fakitale yopanga polietilini, pulasitiki wa majumbo, ndowa ndi mapaipi. Ankafotokoza kuti pulasitiki ameneyu amachokera ku gasi wotchedwa etilini. Gasiyo payekha sangasanduke chilichonse. Pamafunika katalisiti, kaufa kochepa ngati fodya wa m'mphuno, kamene kamagwira tizidutswa ta gasi n'kumatilumikiza kukhala unyolo wautali, ndipo unyolowo ndiwo pulasitiki. Koma katalisiti ndi wosalimba. Kadontho ka chinyezi kapena kampweya kakang'ono kakalowa mu thanki, amafa, ntchito n'kuima. N'chifukwa chake amayamba athiramo alikili. Iyeyo amatsogola, n'kudya chinyezi ndi mpweya wonse, kenaka n'kudzutsa katalisiti kuti agwire ntchito. Akachepa, katalisiti amagona. Akachuluka, amamufooketsa, pulasitiki n'kutuluka wosadalirika. Panalinso mankhwala ena oletsa ufa kumatirira ku makoma a thanki, nawonso ukapyola muyeso amapha katalisiti yemwe umafuna kumuthandizayo. Ntchito ya a Sakala inali kufunafuna muyeso umenewo, kuti supuni imodzimodziyo ya katalisiti ibale pulasitiki wochuluka kuposa dzulo.

Anabwerera ku Kafue pamene kampani ina yaing'ono inamanga ka fakitale koyesera ku Industrial Area. Eni ake ankafuna kuona ngati angapange etilini kuchokera ku mowa wa nzimbe, n'kupanga pulasitiki konkuno m'malo moitanitsa kunja. Ufa wa m'kabotolo uja unali woyamba kutuluka mu thanki yawo. Ankati anayesa kwa miyezi, akusinthasintha muyeso wa alikili, mpaka m'mawa wina anatsegula n'kupeza mwayera.

Pa ntchito imeneyo anatengapo chiphunzitso chimodzi chimene ankachigwiritsa ntchito pa chilichonse: kuti chothandiza chikapyola muyeso chimapha chomwe chinabwera kudzathandiza. Ankanena zimenezo pa mchere wa m'ndiwo, pa feteleza wa m'dimba, pa achibale obwera kudzakonza ukwati, ngakhale pa mapemphero otalika. Mlongo wawo, a Tikambenji, ankawayankha kuti ngati zili choncho nawonso achepetse kulankhula.

Kampaniyo inagwa isanakule. Eni ake anachoka, mlonda anasiya kubwera, ndipo anyamata a sikirapu, otola zitsulo zakale, anayamba kulowa ndi moto wodulira zitsulo. A Sakala ankadziwa chimene chinatsala m'sitolo ya kumbuyo. M'mawa wina wa Okutobala, kumwamba kuli mbee, anayala matiresi mu wilibala, n'kugonekapo silinda ija, n'kuikankha pang'onopang'ono kudutsa njanji mpaka kwawo, akuyankha moni wa anthu m'njira. Ankati aisunga kanthawi kochepa chabe. Anamanga kanyumba ka njerwa, anamata phula pa msomali uliwonse wa denga, ndipo kanthawiko kanasanduka zaka. M'mawa uliwonse ankapukuta manja ndi kansalu kopachikidwa pakhomo, n'kulowa kukaona geji, kawotchi kosonyeza mphamvu ya gasi m'silindamo. Singano ikatsika ankawonjezera gasi wa nayitrojeni, amene amakhala pamwamba pa mankhwalawo kuti mpweya usalowe.

Zonsezi ine sindinkazidziwa. Enelesi anangondiuza kuti ndi zinthu za ntchito za adadi, ndipo Thoko asamasewere kuseri. Anthu a m'komboni ankadziwa zochepa kuposa pamenepo. Ankangoona nkhalamba yokhala ndi kanyumba kokhoma, imene imalowamo yokha m'mawa uliwonse.

Chipsera chawo chinayambira pakhosi n'kutsika mpaka pachigongono cha kumanzere. Za icho anandiuza kamodzi kokha. Ku fakitale ya kumwera ija munthu wina anatsuka paipi ya alikili ndi madzi, n'kuibwezera isanaume bwino. Iwo anali chapatali pang'ono. Mnzawo ndiye anali pafupi. Atafika pamenepo anaima, n'kuyamba kukamba za mtengo wa malasha.

Enelesi anamwalira mu Febuluwale, atadwala masiku ochepa. Maliro anali kwa atate ake. Sabata imeneyo mvula sinakate, ndipo nyumba yawo ili kumunsi, kumene madzi a m'ngalande za tauni amatsikira popita kudambo. Tsiku loika, tili kumanda, wolengeza anayamba kuitana oika nkhata zamaluwa. Ndinaika yanga. Kenaka anati, "Atate a malemu, a Sakala, abwere." Iwo sanaoneke. Anabwerezanso. Anthu anayamba kuchewuka, maambulera akugundana. Kumbuyo kwanga mayi wina ananong'ona kuti munthu sangayang'ane manda a chimene wadya yekha. Ndinamva mawuwo ndipo sindinawatsutse, ngakhale mumtima.

Titabwerera, beseni losambira m'manja linali pageti monga mwa mwambo, koma ambiri analidutsa. Analunjika kuseri. Kumeneko tinapeza a Sakala ali mu suti yawo yakuda, matope mpaka m'mawondo, fosholo ili m'manja. Anali atakumba ngalande kuzungulira kanyumba konse, ndipo madzi ofiira ankathamanga m'menemo kulowera kumpanda.

Patsogolo pa gulu panali Mabvuto, mwana wa a Tikambenji, amene amagula ndi kugulitsa sikirapu. Ananyamula chitsulo chokanulira.

"Ba malume, mwana wanu tamusiya mu dothi, imwe muli bize na fosholo. Tsegulani tione."

"Mabvuto, ika chitsulocho pansi."

"Ngati mulibe vinthu voipa, muyopa chani? Tsegulani chabe. Manje manje tizadziwa."

Kumbali kwake kunali mayi wina wa tchalitchi cha m'tenti, atanyamula chigubu cha madzi opemphereredwa, chotsegula kale.

"Osalimbana nabo," anatero mayiyo. "Niwaze chabe pa chitseko na mukati. Chilichonse chili mo chizathaba cheka."

Ndinawaona a Sakala akusintha nkhope. Sindinawaonepo akuopa munthu, ndipo sanali kuyang'ana Mabvuto kapena chitsulo chake. Maso awo anali pa chigubu chija.

"Mayi, chonde bwererani m'mbuyo ndi madzi anuwo. Mukathira umu, sabata yamawa mudzasowa wonyamula mabokosi."

Mawu amenewo anangokolezera moto. Wina anakuwa kuti mwamva, wavomera yekha. Gulu linasendera. Pamenepo iwo anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza.

"Atate ake Thoko, bwerani. Inu nokha. Vulani jekete lonyowalo, mupukute manja apa."

Ndinachita monga ananenera. M'kati munali mouma ndi mofunda, monunkha fumbi. Silinda inali pamwamba pa mabuloko amene anawasanja m'mawa womwewo, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti anaikweza bwanji okha. Anandilozera chipepala chomatidwa pambali pake. Ndinawerenga dzina la mankhwalawo, ndinaona chithunzi cha malawi ndi chizindikiro choletsa madzi. Dzinalo ndinalikumbukira kuchokera ku koleji, kumene ankangotiuza za ilo, osatilola ngakhale kuliona. Kenaka analoza pakhosi pa valavu, potsegulira silindayo. Panali kaufa koyera kouma kozungulira, ngati mchere wa thukuta pa chipewa. Sanafunike kundifotokozera. Mankhwalawo ankatuluka pang'onopang'ono n'kumapsa pomwepo.

"Zinayamba chaka chatha," anatero motsitsa mawu.

"Enelesi ankadziwa?"

"Za silinda ankadziwa. Tinakangana nazo kambiri. Za kaufako sindinamuuze."

Kunja ndinkamva mvula pa malata, ndi mawu a Thoko akufunsa wina kuti adadi ali kuti.

"Tulukani mukawauze," anatero. "Ine sangandimvere. Inu lero palibe angakutsutseni."

Ndinatuluka n'kuima pakhomo. Ndinawauza kuti m'katimo muli mankhwala a ku fakitale amene amaphulika akakhudza madzi, ndipo mulibe china.

"Mulamu, bakudyetsani chani mukati umo?" anafunsa Mabvuto.

Ndinayankha kuti mkazi wanga anafera m'manja mwanga kuchipatala, ndipo matenda ake ndikuwadziwa dzina. Ndinati amene akufuna kuthira madzi m'kanyumbamo ayambe wandikankha ine. Mawu anga ankanjenjemera, ndipo anthu anayesa kuti n'chisoni. A Tikambenji ndiwo anamaliza nkhani. Anamulanda mwana wawo chitsulo, nati, "Mwamumva namfedwa. Tiyeni mukasambe m'manja, chakudya chikuzizira."

Anthu anabalalika. A Sakala anatola fosholo n'kupitiriza kukumba. Sanandithokoze, ndipo za kumanda sanandifunse tsiku limenelo. Ndinazindikira pambuyo pake kuti anandichita zomwe ankachita ku ntchito: anatsogoza chimene chikanatha kumeza ukali wa anthu, kuti chosalimba chija chisakhudzidwe. Zinandiwawa kwa nthawi yaitali. Patapita masabata angapo ndi pamene anandifunsa, osandiyang'ana, ngati madzi analowa m'manda bokosi lisanatsike. Ndinati ayi. Anagwedeza mutu n'kupita kukakazinga mchenga.

Akuluakulu a banja anagamula kuti Thoko akhale kwa ambuya ake a Sakala, a Tikambenji akumulera, kufikira chaka chitatha ndipo ine nditasudzulidwa. Ndinawatengera a Sakala pambali n'kuwauza kuti chimodzi chichoke pakhomopo, silinda kapena mwana.

"Mukamutenga mwanayu," anatero, "anthu adzati ngakhale mkamwini waona n'kuthawitsa wake. Sabata yomweyo adzathyola chitseko."

"Ndiye mwana wanga akhale chikole?"

"Ndi mdzukulu wanganso. Ndikugona pomwepa inenso."

Chimene ndinapata n'chakuti bedi la Thoko linasamutsidwira kuchipinda cha kumaso. Nyumbayo ndi yaing'ono. Ndinkadziwa kuti kusamutsako kunali kongotonthoza mtima wanga.

Chaka chimenecho ndinaphunzira kuopa mitambo. Ndili m'kalasi ku Shimabala, ndikaona kwada cha ku Kafue, choko chinkaima pa bolodi. Ndinkatuluka n'kuwaimbira foni. Yankho lawo linali lomwelo nthawi zonse, lakuti singano ili pamalo pake, ndibwerere kwa ana a eni. Loweruka lililonse ndinkabwera, ndipo Loweruka lililonse tinkakangana, motsitsa mawu kuti Thoko asamve.

"Atate, tiyeni tikanene ku boma."

"Adzatumiza anyamata awiri ndi vani ndi sipanala."

"Alipo makampani odziwa ntchito imeneyi."

"Wodziwa ndi ine. Ndaisunga zaka zonsezi, yapsereza ndani?"

"Nanga mukadwala?"

"Sindidwala."

Pamenepa anali olakwa, ndipo ndikuganiza kuti ankadziwa. Anaona moto umenewo kamodzi, ndipo kuyambira pamenepo sanakhulupirirenso manja a munthu wina aliyense. Mwina panalinso china. Silindayo ndi kabotolo ka pa kabati ndizo zokha zinatsala pa ntchito imene anainyadira kuposa zonse.

Mvula itatha ndinakanena ku ofesi yoona za chilengedwe, iwo osadziwa. Kunabwera anthu awiri aulemu, amene anaima pakhomo, anayang'ana, anajambula, ndipo sanakhudze kanthu. Anati zimenezi zifunika akatswiri ochokera kutali, ndipo ayamba kuwafunafuna. Alendowo atapita, a Sakala sanandikalipire. Anangosiya kunditchula kuti atate ake Thoko. Ndinabwerera kukhala aphunzitsi.

Koma Loweruka lotsatira anandipatsa kiyi. Anandiimitsa pakhomo, n'kundipukutitsa manja mpaka pakati pa zala, n'kundiwerengetsa geji mokweza. Anandionetsa potsegulira nayitrojeni, ndi momwe mchenga umathiridwira moto ukabuka, mozungulira kaye, osati pamwamba. Ndinkayesa kuti akundilanga. Chifukwa chenicheni ndinachiona pa tebulo, pamene supuni inawapulumuka kawiri pa chakudya chimodzi. Dzanja lawo lamanja linali litayamba kunjenjemera. Pa zonse zimene ndinaona chaka chimenecho, palibe chinandiopsa ngati dzanja limenelo likuyandikira valavu, likugwedezeka, kenaka n'kukhazikika pa chitsulo mwadzidzidzi ngati lakumbukira. Thoko ankakhala pakhonde akuimba nyimbo za ku sukulu ya mkaka, ndipo ine ndinkasiya kupuma kufikira iwo atachotsa dzanjalo.

Ndi Thoko anali munthu wina. Ankamusefera mchenga wosalala n'kumuthirira mu thireyi kuti azilemberamo zilembo. Mwanayo ankawakoka makutu, n'kumayendetsa chala pa chipsera chawo ngati msewu wa galimoto, iwo ali duu. Koma tsiku lina atathamangira kuseri ndi kapu ya maheu, anamukuwira mawu amene anamveka mpaka kwa aneba. Mwana analira, iwo anakhala pansi pa dothi pomwepo, thukuta lili kamukamu, ndipo sanadye tsiku lonse.

Anamwalira m'mawa wina wa Novembala. A Tikambenji anawapeza powapititsira tiyi, ali pa mpando wawo pakhomo pa kanyumba, kansalu kali pa mawondo. Chitseko chinali chokhoma bwino, kiyi ali m'dzanja. Akatswiri aja anali asanafike.

Tsiku loika, malole akudzaza, ndinamva Mabvuto akuuza amayi ake kuti iye atsala kuti alonde nyumba. Ndinaona mitambo cha kumtsinje. Ndinamupereka Thoko m'manja mwa a Tikambenji, ndinatenga mpando uja n'kupita kuseri. Posakhalitsa Mabvuto anabwera n'kukhala pa buloko moyang'anizana nane.

"Mulamu, imwe simuyenda ku manda?"

"Monga inu."

"Ine ndine muphwa. Katundu ya ba malume ni ine niyanganira. Nifuna chabe kuona ka chitsulo ako."

"Mukaona akabwera eni ake a ntchito."

"Mwatengela nkhalamba, imwe. Na nkhope yasintha."

Ndinkaganiza za wolengeza uja akuitana mkamwini wa malemu, anthu n'kumachewuka. Kenaka madontho anayamba kugwa pa malata, akuluakulu, ndipo posakhalitsa madzi anayamba kutsika kuchokera kumsewu. Ngalande ya a Sakala inali itakwiririka ndi zinyalala za chilimwe. Ndinadzuka kufuna fosholo, koma ndinazindikira kuti ndikachoka pakhomopo ndisiya chitseko ndi Mabvuto. Ndinaima pakati, osadziwa kolowera. Iye anandiyang'ana, anayang'ana madziwo, kenaka anavula nsapato zake zatsopano.

"Nkalani pa chitseko panu," anatero. "Nikumbila Thoko, osati imwe."

Anakumba mpaka oika maliro anabwerako. Za silindayo sanafunsenso.

Akatswiri anafika mu Januwale, pa tsiku limene kunacha kopanda mtambo. Anachotsa anthu m'nyumba zonse za mzere wathu. Anavala majasi onyezimira ngati siliva, ndipo wowatsogolera anali mayi wamfupi wosalankhulalankhula. Ndinamuonetsa geji ndi kaufa koyera kaja, kamene tsopano kanali katakula ngati mkanda. Anakayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti ankaisamala ndani. Nditamuuza, anati munthuyo ankadziwa chimene ankachita, ndipo anayenera kuwaitana kalekale. Ndinapita kukaima ndi Thoko kutsidya kwa njanji. Ndinamugwira mwamphamvu mpaka anadandaula kuti ndikumupweteka. Patapita nthawi galimoto yawo inatuluka pang'onopang'ono, silinda ili m'kati mwa chitsulo china chachikulu chotsekedwa, ndipo inakhota kulowera kumsewu waukulu.

Thoko ndikhala naye tsopano ku Shimabala. Kabotolo ka ufa woyera kali pa shelefu yanga, pamene sangafikire. Loweruka timapitabe kukaona a Tikambenji, amene akufuna kusandutsa kanyumba kaja khola la nkhuku. Ndawapempha kuti adikire pang'ono, ndipo sindinawapatse chifukwa, popeza ndilibe.

Chitseko chake sichikhomedwanso. M'kati muli mabuloko aja momwe anawasanjira tsiku la maliro a Enelesi, ndipo pamwamba pake pali chizindikiro chozungulira cha dzimbiri pamene panakhala silinda. Ndowa za mchenga zili m'mbali mwa khoma, zodzaza, ndipo mphaka wa aneba wayamba kugona mu imodzi. Mpando wachitsulo uli panja, miyendo yake yazama m'dothi. Phula la pa denga layamba kung'aluka, ndipo Loweruka lapitali ndinapeza dontho likugwera pakati penipeni pa chizindikiro chija, limodzi, kenaka lina. Ndinaima pakhomo ndikuliyang'ana, ndipo Thoko atandiitana kuchokera pakhonde, ndinapeza kuti kansalu kawo kali m'manja mwanga, ndikupukuta pakati pa zala.